Nayasini, Mafuta a M'magazi ndi Munthu Wodwala Shuga

 Lero tikambirana za mankhwala omwe dzina lake silimveka kawirikawiri kuchipatala kwathu kuno, koma limapezeka pa mabotolo a mavitamini m'mafamase ndi m'masitolo akuluakulu, ngakhalenso pa mabotolo omwe abale athu amatitumizira kuchokera ku Joni kapena ku Mangalande. Dzina lake ndi nayasini, ena amati vitamini B3. Pamayenda mbiri yoti vitamini ameneyu amatsuka mafuta m'magazi, ndipo munthu wa shuga amene wauzidwa kuti kolesterolo wake wakwera angathe kumwa iyeyu m'malo mwa mankhwala akuchipatala, poti ndi wachilengedwe.

Ndineneretu maganizo anga, kuti ngakhale amene sakhala nafe mpaka kumapeto amve. Ngati muli ndi shuga, musamwe nayasini wochuluka pofuna kutsitsa kolesterolo, pokhapokha dokotala wodziwa bwino matenda anu atakulemberani ndipo akukupimani magazi pafupipafupi. Amene amatama nayasini sakunama pa zonse. Mankhwalawa amasinthadi manambala pa pepala la zotsatira za magazi, ndipo amawasintha mokongola. Koma munthu sapita kuchipatala kukafuna pepala lokongola. Amapita kuti mtima usamuime, kuti asafe ziwalo, kuti mwendo usadulidwe. Pa zimenezi nayasini anayesedwa pa anthu zikwizikwi ndipo sanathandize, pomwe shuga wa ambiri anasokonekera.

Tisanafike kumeneko, timupatse ulemu wake vitamini ameneyu, chifukwa ife odya nsima tili naye mbiri yowawa. Thupi likasowa nayasini pamabwera matenda a pellagra. Khungu limada, limakakala ndi kusenda m'malo omwe dzuwa limawomba: kuseri kwa manja, kumapazi, ndi kuzungulira khosi. Munthu amatsegula m'mimba kosaleka, mkamwa mumatuluka zilonda, kenaka mutu umasokonekera, ndipo akapanda kuthandizidwa amamwalira. Matendawa amakonda anthu amene chakudya chawo ndi chimanga chokhachokha, popanda ndiwo zokwanira. Nayasini m'chimanga alimo, koma ndi womangika mwakuti thupi limalephera kumutenga. Anthu a ku Mexico, komwe chimanga chinachokera, kuyambira kalekale amachiphika ndi laimu kapena phulusa asanachipere, ndipo zimenezi zimamasula vitaminiyo. Chimanga chitawoloka nyanja kupita ku Ulaya ndi kuno ku Africa, luso limeneli linatsala komweko.

Ku America, kumwera kwa dzikolo, pellagra inapha anthu ochuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Dokotala Joseph Goldberger anayamba kufufuza mu 1914 ndipo anaonetsa kuti si matenda opatsirana koma a chakudya. Mu 1937 Conrad Elvehjem wa pa yunivesite ya Wisconsin anapeza kuti chosowacho ndi nayasini. Kwathu kuno akuluakulu akukumbukira nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pamene abale athu othawa kwawo anadzaza m'misasa. Mu 1990 mtedza utasiya kupezeka pa chakudya chomwe ankalandira, anthu oposa 17,000 anadwala pellagra. Vutolo linachepa atayamba kugawa mapiritsi a vitamini, kubwezeretsa mtedza, ndi kuthira mavitamini mu ufa. Ndipo sinathe: cha m'ma 2015 ndi 2016 inabukanso kudera la Kasese m'boma la Dowa. Amene amamwa kachasu kwambiri, komanso ena amene akumwa isoniazid woteteza kapena kuchiza TB pomwe kudya kuli kopereŵera, nawonso imawagwira.

Choncho nayasini timamufuna, ndipo palibe amene akutsutsa. Funso ndi lakuti wochuluka bwanji. Bambo wamkulu amafunika mamiligalamu 16 patsiku, mayi 14. Muyezo umenewu umakwana ndi nsinjiro mu ndiwo zamasamba, mtedza wokazinga, nyemba, usipa, matemba, nkhuku, chiwindi. Mazira ndi mkaka nazonso zimathandiza, chifukwa thupi limatha kupanga nayasini kuchokera ku chakudya chomanga thupi. Koma nayasini wotsitsa kolesterolo amamwedwa mamiligalamu 1,000 mpaka 3,000 patsiku. Kuti mupeze mamiligalamu 2,000 kuchokera ku mtedza, muyenera kudya makilogalamu oposa 15 tsiku limodzi. Pa muyezo umenewu tisamanenenso kuti ndi chakudya kapena chachilengedwe. Ndi mankhwala amphamvu, ofunika kuwaopa ngati mankhwala ena onse.

Maganizo ogwiritsa ntchito muyezo waukulu chotere anayambira ku Canada. Mu 1955 Rudolf Altschul, Abram Hoffer ndi mnzawo m'chigawo cha Saskatchewan analemba kuti nayasini wochuluka amatsitsa kolesterolo. Nthawi imeneyo madokotala analibe chilichonse chodalirika chothana ndi mafuta a m'magazi, motero anawalandira ndi manja awiri.

Apa ndifotokoze pang'ono za mafuta a m'magaziwo. Mukapimitsa, pa pepala pamalembedwa zinthu zingapo. Pali LDL, amene anthu amati kolesterolo woipa, chifukwa ndi amene amalowa m'makoma a mitsempha ya magazi n'kuunjikana mpaka njira ya magazi itachepa. Chounjikanacho chikaphulika, magazi amaundana pomwepo, ndipo zikachitikira mumtsempha wa mtima ndiye mtima kuima kuja, zikachitikira mu ubongo ndiye sitiroko. Pali HDL, amene amatchedwa wabwino, chifukwa anthu amene ali ndi HDL wokwera mwachibadwa sadwaladwala mtima. Palinso mtundu wina wa mafuta wotchedwa triglycerides. Munthu wa shuga wa mtundu wachiwiri, shuga wogwira akuluakulu uja, kawirikawiri amakhala ndi triglycerides wokwera, HDL wotsika, ndi LDL wa tizidutswa ting'onoting'ono tolowa msanga m'makoma a mitsempha. Nayasini amachita zosiyana ndendende ndi zimenezi. Amatsitsa triglycerides, amatsitsako LDL, ndipo pa mankhwala onse amene analipo ndiye ankakweza HDL kwambiri. Aliyense woona zimenezi akanati mankhwala a munthu wa shuga apezeka. Madokotala anzeru ambiri anaganiza chomwecho, ndipo sitingawaseke.

Analinso ndi umboni. Ku America kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa Coronary Drug Project, yemwe anayamba mu 1966 ndi abambo 8,341 amene anali atadwalapo kale mtima. Ena mwa iwo anapatsidwa magalamu atatu a nayasini patsiku. Zotsatira za mu 1975 zinaonetsa kuti chiwerengero cha omwalira sichinasinthe, koma amene anagwidwanso ndi mtima n'kupulumuka anachepa. Atawalondolanso patapita zaka, lipoti la mu 1986 linati imfa zinali zochepa ndi 11 peresenti mwa amene anamwapo nayasini. Manambala amenewa ndi omwe ogulitsa mabotolo amawatchula mpaka lero. Chomwe satchula n'chakuti abambo aja analibe mankhwala ena aliwonse otsitsa kolesterolo, chifukwa mankhwala amene tili nawo lero anali asanapangidwe.

Ngakhale nthawi imeneyo panali nkhawa imodzi yodziwika: nayasini amakweza shuga. Amachititsa kuti thupi lisamve bwino insulini. Akangomwedwa amatseka kwa maola ochepa mafuta otuluka m'malo omwe thupi limawasunga, koma mphamvu yake ikatha mafutawo amatuluka ambiri nthawi imodzi, ndipo akachuluka m'magazi minofu imavutika kulowetsa shuga, chiwindi nacho chimapanga wina wowonjezera. Kwa zaka zambiri madokotala ankapewa kupereka nayasini kwa odwala shuga pa chifukwa chimenechi. Kenaka mu 2000 kunatuluka kafukufuku wa ADMIT, wa anthu 468, mwa iwo 125 a shuga. HDL anakwera pafupifupi 29 peresenti, shuga anakwera pang'ono chabe. Mu 2002 kunatsatira ADVENT, wa anthu 148 a shuga, kwa masabata 16, ndipo nawonso anati shuga amakwera koma angathe kusamalidwa. Mantha anachepa, ndipo nayasini anayamba kulembedwa kwa odwala shuga ambiri ku America ndi ku Ulaya.

Taonani bwino chomwe akafukufuku awiriwa anayeza. Anayeza manambala, kwa nthawi yochepa, pa anthu ochepa amene ankapimidwa pafupipafupi, ndipo shuga akakwera mankhwala awo ankawonjezedwa. Sanawerenge amene anafa kapena amene anagwa sitiroko. Mlimi saweruza munda poona kubiriwira kwa masamba mu Januwale, amadikira kuti aone chomwe chilowe m'nkhokwe. Pa nkhani ya nayasini masamba anabiriwira ndithu, kukolola kunali kusanafike.

Pa nthawi yomweyo kunali kutabwera mankhwala ena, ma statin. Wasayansi wa ku Japan, Akira Endo, ndiye anapeza woyamba kuchokera ku nkhungu m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1987 lovastatin analoledwa ku America. Amenewa anayesedwa pa odwala shuga mowerenga zenizeni. Kafukufuku wa Heart Protection Study ku Britain anali ndi odwala shuga 5,963, ndipo lipoti la mu 2003 linaonetsa kuti simvastatin anachepetsa matenda a mtima ndi sitiroko ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mu 2004 kafukufuku wa CARDS, wa anthu 2,838 a shuga amene anali asanadwalepo mtima, anapeza kuti mamiligalamu 10 okha a atorvastatin anachepetsa mavutowa ndi 37 peresenti, mpaka anaimitsa kafukufukuyo nthawi isanakwane poona kuti sikoyenera kupitiriza kumana gulu linalo mankhwala. Funso lotsala linali ili: munthu amene akumwa kale statin, akawonjezera nayasini kuti HDL akwere, amapindulanso?

Yankho loyamba linabwera mu 2011. Kafukufuku wa AIM-HIGH, ku America ndi ku Canada, anatenga anthu 3,414 odwala mtima, onse akumwa simvastatin, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi shuga. Theka anawonjezeredwa nayasini wochuluka. HDL wawo anakwera kuchoka pa 35 kufika pa 42, triglycerides anatsika, pepala linakongola monga analonjezera. Koma patatha zaka zitatu, amene anagwidwa ndi mtima, sitiroko kapena kumwalira anali 16 pa 100 aliwonse mbali zonse ziwiri. Mu Meyi chaka chimenecho bungwe la boma la America lomwe linkalipira kafukufukuyo linamuimitsa, poona kuti palibe phindu lomwe likubwera.

Ena anati anthuwo anachepa. Ndiye kunabwera kafukufuku wamkulu kwambiri, HPS2-THRIVE, wotsogoleredwa ndi yunivesite ya Oxford. Anthu anali 25,673, ochokera ku Britain, mayiko a Scandinavia ndi China, onse odwala mitsempha ya magazi ndipo akumwa statin. Theka anapatsidwa magalamu awiri a nayasini patsiku pamodzi ndi laropiprant, mankhwala ochepetsa kutentha kwa nkhope komwe nayasini amabweretsa, ndipo anawalondola pafupifupi zaka zinayi. Mavuto aakulu a mtima ndi sitiroko anagwira 13.2 peresenti ya omwa nayasini ndi 13.7 peresenti ya osamwa, kusiyana kochepa kwambiri moti akatswiri sanakuwerengere ngati phindu.

Tsopano mumve bwino inu a shuga, chifukwa apa ndi pamene pakukhudza inu. Mu kafukufukuyu munali anthu oposa 8,000 amene anali kale ndi shuga. Mwa amene sanamwe nayasini, 7.5 peresenti shuga wawo anasokonekera kwambiri. Mwa amene anamwa, anali 11.1 peresenti, ndipo ambiri mwa iwo anachita kugonekedwa m'chipatala. Mwa amene analibe shuga poyamba, anapezeka naye 5.7 peresenti mbali ya nayasini, 4.3 peresenti mbali inayo. Kuwonjezera apo, omwa nayasini anadwala kwambiri matenda obwera ndi tizilombo, anataya magazi m'mimba ndi mu ubongo kuposa anzawo, ndipo ambiri anamva kuwawa ndi kuwonongeka kwa minofu, makamaka a ku China. Munthu wa shuga bala lake limachedwa kale kupola, thupi lake limagonja kale msanga ku tizilombo. Kumuwonjezera mankhwala ochulukitsa zimenezi popanda kumutetezera mtima, ine sindikuona chifukwa chake.

Otsatira nayasini anati mwina wolakwa ndi laropiprant uja. Koma AIM-HIGH analibe laropiprant, ndipo phindu silinaoneke. Mu 2016 akatswiri ena anaphatikiza akafukufuku 11 ndipo anapeza kuti nayasini amawonjezera mwayi wodwala shuga ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, kaya pali laropiprant kaya palibe. Kampani ya Merck inachotsa pamsika mankhwala ake a Tredaptive, ophatikiza nayasini ndi laropiprant, mu Januwale 2013. Mu Epulo 2016 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linachotsa chilolezo cha Advicor ndi Simcor, mapiritsi ophatikiza nayasini ndi statin. Bungwe la American Diabetes Association m'malangizo ake limanena kuti kuphatikiza nayasini ndi statin sikuthandiza ndipo sikulimbikitsidwa.

Nanga zinatheka bwanji kuti HDL akwere koma mtima osatetezeka? Nayasini si yekha amene anakhumudwitsa. Mu Disembala 2006 kampani ya Pfizer inaimitsa mankhwala otchedwa torcetrapib, amene ankakweza HDL kuposa nayasini, chifukwa omwa mankhwalawo ankamwalira ambiri kuposa osamwa. Zomwe akatswiri aphunzira n'zakuti HDL wokwera mwachibadwa amasonyeza thupi lomwe likuyenda bwino, la munthu wogwira ntchito zolimbitsa thupi, wosasuta, wosanenepa pamimba. Kukweza nambalayo ndi piritsi sikubweretsa thupi limenelo. Mu 2024 gulu la Stanley Hazen ku Cleveland Clinic linalembanso kuti nayasini wotsala m'thupi akaphwanyidwa amasiya zinthu zina, chimodzi chotchedwa 4PY, chomwe chimatupitsa makoma a mitsempha. Nkhani imeneyi ikufufuzidwabe, koma ingathandize kumvetsa chifukwa chomwe zabwino za nayasini zinkathera m'malere.

Tibwere kwathu. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009, wochitidwa ndi Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi WHO, anapeza kuti 5.6 peresenti ya Amalawi a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Anthu a mu kafukufuku wa Oxford uja ankapimidwa nthawi ndi nthawi, vuto likayamba linkaonedwa msanga. Wodwala shuga wa kwathu nthawi zambiri alibe kamakina kopimira shuga kunyumba, ndipo amene ali nako amasunga timapepala take chifukwa n'todula. Ambiri amapimidwa tsiku la kiliniki lokha, mwina kamodzi pamwezi kapena pa miyezi itatu. Muyezo wa HbA1c, wosonyeza mmene shuga wayendera pa miyezi itatu, supezeka paliponse. Munthu wotere akayamba nayasini yekha, shuga angakwere kwa masabata ambiri iye osadziwa, n'kumangodabwa kuti ludzu lachuluka, akudzuka kangapo usiku kukataya madzi, maso akuona chimbuuzi. Akafika kuchipatala, adokotala osadziwa za botolo lija amawonjezera glibenclamide kapena kumuyambitsa insulini, kulimbana ndi vuto lomwe wachita kugula ndi ndalama zake.

Palinso kutentha kwa nkhope kuja. Pakapita mphindi zingapo munthu atamwa nayasini, mitsempha ya pakhungu imatseguka, nkhope, khosi ndi pachifuwa pamatentha, pamayabwa ndi kubayabaya, mtima umagunda mothamanga, ena amachita chizungulire. Pa khungu lathu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndiye wapakhomo sangaone chomwe chikuchitika. Choopsa kwa wa shuga n'chakuti zizindikirozi zimafanana pang'ono ndi za shuga wotsika. Munthu angathamangire madzi a shuga kapena Fanta pomwe shuga wake ali kale pamwamba. Kapena tsiku lina shuga atatsikadi, iye n'kumati ndi kutentha kwa vitamini kuja, kudutsa kokha. Amene akumwa mankhwala a BP angagwe poimirira, chifukwa nayasini amatsitsanso BP. Ogulitsa ena amauza anthu kuti kutenthako kukusonyeza kuti mafuta akusungunuka. Si zoona. Ndi mitsempha ya pakhungu chabe yomwe yatseguka.

Chiwindi nacho chimavutika, makamaka ndi nayasini wa mtundu wosungunuka pang'onopang'ono, amene amagulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Anthu ena maso awo anachita chikasu, ena chiwindi chinaleka kugwira ntchito. Ganizirani munthu amene amamwako mowa, kapena ali ndi kachilombo ka hepatitis B osadziwa, kapena akumwa mankhwala a TB, kapena amaphatikiza ndi zitsamba zamphamvu. Nayasini amakwezanso asidi woyambitsa gauti, matenda otupitsa chala chachikulu chakuphazi, ndipo phazi la munthu wa shuga lili kale ndi mavuto okwanira. Kwa amene ali ndi zilonda za m'mimba, nayasini amazidzutsa.

Pa mabotolo pamakhalanso chisokonezo. Botolo lina lalembedwa nicotinic acid, ameneyo ndiye tikukamba pano. Lina lalembedwa nicotinamide kapena niacinamide. Ameneyu ndi m'bale wake, satentha nkhope, ndipo ndi amene amaperekedwa kuchipatala pochiza pellagra, koma kolesterolo samutsitsa ngakhale pang'ono. Linanso limalonjeza kuti silitentha nkhope, m'kati mwake muli inositol hexanicotinate, yemwe amatulutsa nayasini wochepa kwambiri m'thupi moti mafuta a m'magazi sasintha. Ndiye munthu angawononge ndalama miyezi yambiri akuganiza kuti watetezeka. Mapiritsi wamba a B complex amene amaperekedwa kuchipatala ali ndi muyezo wochepa, ndipo ngati munalemberedwa pitirizani kumwa, sakukhudzidwa ndi chenjezo limeneli. Amene ali ndi zizindikiro za pellagra, kaya ali ndi shuga kaya alibe, apite kuchipatala akalandire mankhwala ake, chifukwa kumeneko vitamini ameneyu amapulumutsa moyo m'masiku ochepa.

Kodi nayasini wochuluka alibiretu ntchito? Madokotala ena amamugwiritsabe ntchito pa anthu ochepa amene triglycerides wawo wakwera modetsa nkhawa mpaka kuopseza kapamba, njira zina zitakanika. Koma kwa wa shuga, chifukwa chachikulu chokwezera mafuta amenewa ndi shuga yemweyo amene sakutsika, pamodzi ndi mowa ndi zakumwa zotsekemera. Shuga akatsika, mafutawo amatsika nawo. Zikakanika pali mankhwala otchedwa ma fibrate. Amene statin sakumukwanira kapena sakumuyanja, pali ezetimibe, yemwe kafukufuku wa IMPROVE-IT wa mu 2015 anaonetsa kuti amathandiza, ndipo phindu lake linaoneka kwambiri mwa odwala shuga.

Wina afunsa kuti, kodi ma statin nawo sakweza shuga? Amakweza pang'ono, ndipo sindikubisa. Ena amamvanso kuwawa kwa minofu. Kusiyana kwake n'kwakuti statin amabweza zambiri kuposa zomwe watenga. Akatswiri ataphatikiza zotsatira za odwala shuga oposa 18,000 mu 2008, anapeza kuti LDL akatsika ndi muyezo umodzi wa mmol, mavuto aakulu a mtima ndi sitiroko amachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. N'chifukwa chake malangizo ambiri amati munthu wa shuga wa zaka 40 kupita m'tsogolo akambirane ndi dokotala za statin, ngakhale kolesterolo wake asanakwere kwambiri. Simvastatin ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira, ndipo iye ndi atorvastatin masiku ano amapangidwa ndi makampani ambiri pa mtengo wotsika. Koma nawonso musagule mwa inu nokha. Simvastatin sayenera kuphatikizidwa ndi ma ARV okhala ndi ritonavir, amene ena amamwa akasinthidwa kuchoka pa mankhwala oyamba. Mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pathupi anene kaye kwa dokotala.

Chimandipweteka mtima ndikaganiza za banja limene limasonkherana kugula botolo lodula lochokera kunja, pomwe ndalama yomweyo ikanakwanira thiransipoti ya ku kiliniki, timapepala topimira shuga, kapena metformin ndi mankhwala a BP mwezi umene kuchipatala kulibe. Mwana amene ali ku Johannesburg kapena ku Leeds amatumiza botololo chifukwa cha chikondi, akufuna mayi ake akhale ndi moyo. Ana inu amene mukumvera muli kutali, funsani kaye kuti mayi akumwa mankhwala anji ndipo adokotala ananena kuti chikusowa n'chiyani. Kamakina kopimira shuga ndi timapepala take, kapena kopimira BP, kangawathandize kuposa botolo la nayasini. Zina zoteteza mitsempha sizifuna ndalama: kusiya fodya, kuyenda ndawala theka la ola masiku ambiri pa sabata, kuchepetsa mchere ndi zokazinga m'mafuta obwerezabwereza, kuchepetsa mitanda ya nsima n'kuchulutsa masamba ndi nyemba.

Nditsirize ndi inu amene muli kale ndi botolo pawindo ndipo mwakhala mukumwa. Tengani botololo mupite nalo ku kiliniki ya shuga, musangotchula dzina pakamwa, chifukwa adokotala ayenera kuona mtundu wake ndi mamiligalamu ake. Auzeni kuti munayamba liti ndipo mumamwa angati patsiku, ndipo pemphani kuti zilembedwe m'buku lanu lakuchipatala. Musachite manyazi, simuli nokha amene munagula. Chifukwa chonenera n'chachikulu: ngati mankhwala anu a shuga anawonjezedwa pa nthawi imene munkamwa nayasini, mukamusiya shuga angatsike kuposa kale, ndipo glibenclamide kapena insulini wowonjezedwa uja angakugwetseni. Muyezo wake uyenera kuonedwanso, ndipo masabata oyambirira mupimitse shuga kawirikawiri monga mungathere. Ngati mwaona maso achikasu, mkodzo wakuda, chimbudzi chakuda, kusanza kosaleka, kapena minofu ikuwawa ndi kufooka, musadikire tsiku la kiliniki, siyani kumwa nayasiniyo ndipo pitani kuchipatala lero lomwe.